Ampulifaya Ikazima Yokha

Munthu wobwera ndi wailesi yotchipa yakufa sakhala ndi mawu ambiri. Amaiika patebulo, n'kufunsa mtengo, basi. Koma wobwera ndi ampulifaya yodula, ija yofuna anthu awiri kuti aitsitse m'galimoto, amafika atapsa mtima kale, ndipo kapsedwe mtima kake kamakhala ka munthu amene akuona kuti wapusitsidwa. Adaigula ku Manchester kapena ku Johannesburg, mwina kwa mlendo amene ankabwerera kwawo, pa ndalama zimene ena akadagulira puloti. Tsono ikangoimba theka la ola imati tcha, kagetsi kofiira n'kuyaka, m'nyumba monse zii.

"Amisiri, chinthu cha ndalama zonsezija chizizima chokha? Ya mwana wanga ya pamsika imachezera usiku wonse."

Ndakhala ndikukonza zokuzira mawu kwa zaka zambiri, makamaka za m'matchalitchi, za pa ukwati ndi za m'mabala. Zapamwambazi zimabwera mwa apo ndi apo, koma dandaulo lake ndi lomweli, ndipo yankho langa silisangalatsa. Ya pamsika siizima chifukwa ilibe choizimitsa. Tsiku lake likakwana imangotulutsa utsi. Yodulayi yazima chifukwa amene adaipanga adamata kachida koyeza kutentha pafupi ndi ma transistor ake, n'kuilamula kuti zikafika poipa idzidule yokha. Kuzimako si vuto. Vuto ndi chimene chaifikitsa pamenepo, ndipo ntchito yanga yonse ndi kuchifufuza popanda kukhudza kachida kamene kanena zoonako.

Ampulifaya sipanga mphamvu. Imatenga magetsi a pakhoma n'kumawapereka ku sipika motsatira kukwera ndi kutsika kwa nyimbo. Amene yatenga koma sanafike ku sipika sabwerera kukhoma. Amasanduka kutentha m'ma transistor akuluakulu a kumapeto, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka kudzera m'zipsepse za aluminiyamu zija zili m'mbali, zimene pantchito timati heat sink. Kuchuluka kwa zotayikazi kumatengera mapangidwe. Maampulifaya ambiri ndi a Class AB: transistor ina imakankha, inzake imakoka, ndipo pamene akupatsirana ntchito pamakhala kampata kakang'ono kamene kamaipitsa mawu, makamaka nyimbo ikamaimba motsitsa. Pofuna kutseka kampatako, opanga amalola magetsi ochepa kuti aziyenda m'ma transistor onse awiri ngakhale kulibe nyimbo. Magetsi ochepawa ndiwo bias. Pamasamu, mapangidwe okankha ndi kukokawa sangapose 78.5 peresenti ya mphamvu yofika ku sipika, ndipo pa nyimbo zenizeni amakhala kutali pansi pa nambalayi.

Tsono pali anthu amene adati kampatako tisakachepetse chabe, tikachotseretu: ma transistor akhale otsegula kwambiri nthawi zonse, asapumire ngakhale pang'ono. Iyi ndiyo Class A, imene okonda nyimbo amaitchula ndi ulemu. Yosavuta kwambiri imafikitsa 25 peresenti yokha ku sipika, yopangidwa bwino kwambiri siposa 50. M'chaka cha 1969 John Linsley Hood adasindikiza m'magazini ya Wireless World mapangidwe a ka ampulifaya kotere ka ma watt 10, ndipo mpaka lero anthu akadakapangabe m'magalaja mwawo. Dan D'Agostino atayambitsa kampani ya Krell mu 1980, maampulifaya ake oyamba ankazizira ndi fani. Musical Fidelity A1 ya ku Britain, ya m'ma 1980, inkapereka ma watt 20 okha mbali iliyonse, koma chivindikiro chake chonse chinali heat sink, ndipo idatchuka ndi kuotcha manja mofanana ndi mmene idatchukira ndi kukoma kwa mawu. Pass Labs XA30.5 ya Nelson Pass wa ku California, ya ma watt 30 mbali iliyonse, imadya ma watt pafupifupi 200 ili chete. Kunena mosapsatira, imeneyi ndi mbaula imene imaimbanso nyimbo. Chodabwitsa n'chakuti Class A imatentha kwambiri pamene siikuimba, chifukwa mphamvu yonse imatsalira m'kati. Ikayamba kuimba, ina imatuluka kupita ku sipika. Choncho mwini wake akati "koma ndinali nditatsitsa voliyumu," ndimamukhulupirira, ngakhale sizimuthandiza.

Pali samu imodzi imene ndikadakonda kuti aliyense wogula katundu wotere aidziwe asanalipire sitima. Zipsepse zija siziziziritsa ampulifaya kufika pa digiri inayake yokhazikika. Zimangoisunga pa mtunda wakutiwakuti pamwamba pa mpweya woizungulira. Pass amapanga ake kuti zipsepse zikhale madigiri pafupifupi 25 pamwamba pa kutentha kwa m'chipinda. M'chipinda cha madigiri 22, ndiye kuti 47, dzanja likhoza kukhalapo. Ampulifaya yomweyo itengereni ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, kumene panja pamadutsa madigiri 40, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Tinene kuti m'chipindamo muli 38: zipsepse zafika 63. Ikani m'kabati ya galasi, mpweya wa m'katimo ukwere ndi madigiri 12 ena: tafika 75. Tizida tozimitsa tambiri timadula pakati pa madigiri 70 ndi 90. Palibe chaonongeka, palibe wakuberani. Amene adaipanga ankaganiza za chipinda cha kwawo, osati cha ku chigwa cha Shire.

Nkhani ya kabatiyi njovuta kuikamba m'nyumba ya eni ake. Katundu wodula timamuika m'kabati, ndiwo ulemu wake, ndipo pamwamba timayala doilo kuti fumbi lisalowe. Mayi a m'nyumba amene amayala doiloyo salakwa pa za fumbi: ndatsegulapo maampulifaya amene mipata ya zipsepse idatsekeka ndi fumbi la chilimwe losakanikirana ndi mazira a mphemvu, mpweya wosadutsa n'komwe. Koma mpweya wotentha umakwera, umalowa pansi n'kutulukira pamwamba, ndipo doilo, dikoda yosanjikiza pamwamba, kapena kapeti wokhuthala pansi, zonsezi zimatseka njira yake. Ndimapempha mofatsa kuti nsaluyo izifunda ampulifaya ikazima ndi kuzizira, ndipo ikamaimba ikhale poyera, ndi danga la masentimita 15 kapena kuposa pamwamba ndi m'mbali. Maampulifaya ambiri obwera ndi dandauloli amachira pompa, sikuludiraiva ndisanaigwire.

Otsalawo ndimawayamba ndi funso limodzi, limene eni ake amaliona ngati lopanda pake.

"Bambo, imazima patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Imangozima basi."

"Mukangoyatsa, kapena nyimbo zitaimba zingapo? Mutakweza, kapena ngakhale motsitsa?"

Yankho la funsoli ndi theka la ntchito. Ampulifaya imene imakana kulumikiza sipika mukangoyatsa, ikadali yozizira, ilibe vuto la kutentha, pakuti chitsulo cholemera makilogalamu angapo sichitentha m'masekondi asanu. Pamenepo ndimaganizira zina ziwiri. Mwina kaulusi kamodzi ka waya wa sipika kathawa n'kukhudza mnzake kuseri, chinthu chochitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amavomerera. Kapena potulukira mawu pali magetsi a DC, amene angaotche koilo ya sipika, ndipo relay, kaswichi kolumikiza sipika, yakana kutseka pofuna kuipulumutsa. Mita imanena msanga: pa ampulifaya yabwino DC ameneyu amakhala ma millivolt ochepa, kawirikawiri osaposa 50, koma akakhala ma volt angapo, transistor ina yafa kapena gawo loyamba lasokonekera.

Imene imazima patapita ola, nyimbo zili pansipansi, ikukamba za mpweya kapena za bias. Imene imazima pokhapokha mwakweza, makamaka pa nyimbo za besi yolemera ngati rege ya ku Chileka, ikukamba za katundu amene mwaisenzetsa. Masipika awiri a ma ohm 8 olumikizidwa pa chotulukira chimodzi amasanduka ma ohm 4. A ma ohm 4 awiri amasanduka 2, ndipo magetsi odutsa m'ma transistor amawirikiza nthawi iliyonse. Mukalumikiza mbali ziwiri kuti zikhale imodzi yamphamvu, zimene amati bridge, mbali iliyonse imaona theka la ma ohm a sipikayo. Komanso nambala yolembedwa kuseri kwa sipika ndi ya pakatikati chabe. Pa mawu ena imatsika kwambiri. Apogee Scintilla ya m'ma 1980 inkatsika mpaka ohm imodzi, ndipo maampulifaya oikwanitsa anali owerengeka.

Apa pali chinthu chimene ngakhale amisiri anzanga ena amatsutsa mpaka ataona okha. Class AB siitentha kwambiri ikafika pamapeto pa mphamvu yake. Imatentha kwambiri ikamapereka pafupifupi 40 peresenti, pamene magetsi odutsa ndi ambiri koma gawo lalikulu la mphamvu likutsalirabe m'ma transistor. Mu 1974 bungwe la Federal Trade Commission ku America, litatopa ndi manambala abodza a otsatsa malonda, lidalamula kuti ampulifaya iziyamba yaimba ola lathunthu pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake isanayezedwe. Gawo limeneli lili pafupi kwambiri ndi malo otenthetsa aja, ndipo opanga adadandaula kwa zaka zambiri, mpaka mu 2000 lidatsitsidwa kukhala gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Ndiye mwini ampulifaya akamalumbira kuti sadafikitse voliyumu kumapeto, akhoza kukhala kuti adaisiya pamalo penipeni poipa.

Vuto limene limandisowetsa tulo ndi la ampulifaya yotentha popanda chifukwa chooneka: mpweya ulipo, masipika ali bwino, bias ili m'malo mwake, koma zipsepse zikuotcha. Nthawi zina imakhala ikuimba yokha mawu okwera kwambiri, mazana a zikwi pa sekondi, amene khutu silimva koma ma transistor akuwavutikira. Chizindikiro chake ndi ka resistor ka ma ohm 10 ka pafupi ndi potulukira mawu, kamene kamada kapena kupserera. Choyambitsa chikhoza kukhala waya wa sipika, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri amakhala waya wodula, wolukidwa mwaluso, amene capacitance yake njochuluka. Kampani ya Naim ya ku Salisbury idapanga maampulifaya ake akale opanda koilo ya potulukira, n'kumauza ogula kuti waya wa sipika asafupike kuposa mamita 3.5, chifukwa wayayo ndiye amagwira ntchito ya koiloyo. Munthu akagula Naim yakale popanda buku lake, n'kuilumikiza ndi kawaya kokongola ka mita imodzi, adzanena kuti adamugulitsa chinthu chodwala. Popanda oscilloscope vutoli silioneka, koma kuyesa ndi waya wamba wa mkuwa sikufuna ndalama.

Zonsezi zikalephera m'pamene ndimatsegula. Ndiyambe ndachenjeza: ma capacitor akuluakulu a m'katimo amasunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa, ndipo pa ampulifaya yamphamvu pakati pa mbali ziwiri pakhoza kukhala ma volt oposa 100. Si malo oyeserapo mwayi.

M'katimo nkhani yaikulu ndi bias. Transistor ya silicon ili ndi khalidwe loopsa: ikatentha, magetsi ofunika kuitsegula amatsika ndi ma millivolt pafupifupi 2 pa digiri iliyonse. Ikatentha imatseguka kwambiri, ikatseguka kwambiri imadutsitsa magetsi ambiri, ndipo magetsi ambiriwo amaitenthetsanso. Zikapanda choziletsa zimathamangitsana mpaka kudutsa madigiri 150 amene ma transistor ambiri amapirira m'kati mwawo. Choziletsa ndi ka transistor kakang'ono komatidwa pa heat sink yomweyo, kamene kamamva kutentha n'kutsitsa bias. Kakasuntha, sikuluu yake ikamasuka, kapena mafuta oyera aja a pakati pa transistor ndi chitsulo akauma n'kusanduka choko patapita zaka makumi awiri, kamamva kutentha kochepa kuposa kumene kulipo. Dzanja limayamba kudziwa mita isanadziwe: mbali imodzi yofunda, inzake yoti dzanja likuthawa lokha, pamene nyimbo njomweyo. Dzanja likapirira masekondi angapo tili cha m'madigiri 50. Likathawa nthawi yomweyo tadutsa 60.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Mita imaikidwa pa resistor ya ma ohm 0.22 ya pa mwendo wa transistor. Ma millivolt 11 akutanthauza ma milliamp 50. Chovuta ndi kudikira. Ukapotoza kachida kosinthira bias ampulifaya ili yozizira, nambala imene wapeza idzasintha ikafunda. Umayenera kupotoza pang'ono, kubwezera chivindikiro, kudikira theka la ola, kuyezanso, kenaka kubwerezanso, kufikira nambala itaima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yodikirayi ndiyo ndimaikonda pa ntchito yonseyi, ngakhale palibe amailipira. Ndimaika gitala ya Daniel Kachamba kapena banjo ya Allan Namoko motsitsa, dzanja lili pa zipsepse, n'kumamvetsera mmene chitsulo chikufundira. Ampulifaya yabwino imafunda mofulumira poyamba, kenaka pang'onopang'ono, kenaka imaima. Yodwala siima.

Za magetsi a pakhoma ndingonena mwachidule. Athu ndi ma volt 230 pa 50 Hz. Katundu wa ku Japan ndi wa ma volt 100, ndipo tithiransifoma totsitsa magetsi togulitsidwa m'masitolo timapereka 110, kutanthauza kuti ampulifaya ikumwa mopitirira tsiku lililonse. Wa ku America ndi wa 120 pa 60 Hz. Kathiransifoma kamatsitsa ma volt koma sikasintha ma Hz, ndipo thiransifoma yopangidwira 60 Hz yokha imatentha ndi kung'ung'udza pa 50. Jenereta yaing'ono yosakhazikika imaonjezera pa mavuto omwewa.

Chimene chimandipsetsa mtima ine, mmisiri, si kutentha. Ndi zimene ndimapeza m'kati mwa ampulifaya imene idadutsa kale m'manja mwa wina. Aphunzitsi ena opuma ntchito adandibweretsera yawo, imene mwana wawo adawatumizira kuchokera ku Leeds. Adati kale inkazimazima, koma mnyamata wina adaikonza bwinobwino, ndipo idaimba miyezi ingapo osavutanso, mpaka madzulo ena sipika ya kumanzere idanunkha. Nditatsegula ndidapeza kawaya kolumpha kachida kozimitsa kaja, kawaya kena kolumpha relay, ndipo m'malo mwa fyuzi munali nthambo ya mkuwa. Bolodi idali itada mozungulira ma transistor, ma capacitor atatupa mitu. Choyambitsa zonsezi chinali mafuta ouma ndi sikuluu imodzi yomasuka.

"Ndiye mnyamatayo adandinamiza, amisiri?"

"Sadakunamizeni, aphunzitsi. Mudampempha kuti isamazime, ndipo siidazimenso."

Adaseka, koma kuseka kwa munthu amene akuwerengera mtengo wa sipika. Mnyamatayo ndimamumvetsa pang'ono. Buku la ampulifayayo adalibe, zida zake sizipezeka m'tauni, kasitomala akufuna katundu wake Loweruka, ndipo kulumpha kachida ndi ntchito ya mphindi zisanu yolipidwa tsiku lomwelo. Koma kumumvetsa si kumukhululukira. Capacitor imalembedwa 85 kapena 105, madigiri amene imapirira, ndipo lamulo lodziwika pantchitoyi n'lakuti madigiri 10 aliwonse oonjezera amadula moyo wake pakati. Miyezi imene aphunzitsi ankasangalala ija, ampulifaya inkakalamba zaka. Pamwamba pa izo, kupeza ma transistor enieni kwasanduka nkhondo. Otchuka ngati 2SC5200 ndi 2SA1943 a Toshiba akopedwa kwambiri, ndipo achinyengowo ukawaswa umapeza kachidutswa ka silicon kakang'ono kuposa kenikeni. Amagwira ntchito patebulo, n'kufa pa ukwati. N'chifukwa chake ampulifaya iliyonse imene ndasintha ma transistor ndimaiyatsa koyamba kudzera m'babu lakale la ma watt 100: likawala kwambiri osazirala, chilipo cholakwika, ndipo babulo lateteza zida zatsopano.

Anthu amandifunsa ngati Class A njoyenera m'dziko lotentha. Mtima wanga uli pawiri. Ndidamvapo ina ikuimba usiku wa mu Juni ku Zomba, kuzizira kuli kolowa m'mafupa, ndipo sindingakane kuti mawu a woimba ankamveka ngati munthuyo ali m'chipindamo. Koma Class D, imene kale tinkaiona ngati ya m'galimoto basi, idakula. Mapangidwe a Bruno Putzeys wa ku Belgium, a makampani a Hypex ndi Purifi, amafikitsa 90 peresenti kapena kuposa ku sipika, amayezeka bwino kuposa maampulifaya ambiri odula a Class A, ndipo amangofunda. Kwa munthu wogula mayunitsi a magetsi mwezi ndi mwezi, kapena wodalira sola ndi mabatire, ma watt 200 otayika nthawi yonse imene ampulifaya yayatsidwa si nkhani yaing'ono. Ndikadakhala ku Nchalo sindikadaganiza kawiri. Amene ali nayo kale Class A ndipo amaikonda asachite manyazi kuika fani yaing'ono ya kompyuta, yozungulira pang'onopang'ono, kuti izikoka mpweya pamwamba pa zipsepse. Okonda nyimbo ena amati fani imanyozetsa ampulifaya yapamwamba. D'Agostino adaikamo yekha.

Tsono inu amene muli nayo, ikazima musalimbane nayo poiyatsa mobwerezabwereza. Yang'anani wotchi, kumbukirani pamene panali voliyumu, gwirani mbali zonse ziwiri mumve ngati zikutentha mofanana, suzumirani mawaya kuseri, ndipo izi ndizo mukauze mmisiri. Akakubwezerani tsiku lomwelo n'kunena kuti siidzazimanso, mufunseni chimene chinkaitenthetsa. Akalephera kuchitchula, musailumikize ku masipika anu.